Mmene Ababa Anadzukira pa Mpando wa Alamu

Alamu anga, akazi a achimwene, sanamenyepo ababa, sanawatukwanepo, ndipo sanawamanepo chakudya. Ndayamba ndi zimenezi kuti anthu a ku Bangwe amene ankawayamikira aja asanene kuti ndikuwasemera chinyau. Chimene iwo anachita n'kuwagulira ababa mpando. Unali mpando wabwino ndithu, wokhala ndi poika mikono ndi makushoni ofiira, ndipo anaunyamulitsa masanasana kuchokera kwa kalipentala kuti aliyense auone. Mpando umenewo ndinadana nawo kuposa mmene ndinadanirapo ndi munthu aliyense, kupatula amene anaugulayo.

Ababa anachoka ku Nsanje ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse ankanyamula matumba pa holoselo ya mmwenye wina ku Limbe. Shuga, mchere, mpunga, simenti, chilichonse chimene lole yabweretsa chinkadutsa paphewa pawo. Ndili mwana ndinkakonda kulendewera pamkono wawo, iwo n'kumandikweza m'mwamba uku akucheza ndi anzawo, osadula n'komwe nkhani. Ndi mapewa omwewo anamanga nyumba ya zipinda zitatu kumtunda kwa msika wa Bangwe, pamalo otsetsereka pamene galimoto sifika chifukwa cha maenje amene mvula inakumba m'njira. Amayi atamwalira, ababa anapitiriza kukhala okha m'nyumbamo, akudzitungira madzi ndi kulima kadimba kawo kuseri. Ana tinatsala awiri. Achimwene ankagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni ndipo ankachita lendi ku Zingwangwa ndi akazi awo. Ine wamng'ono banja linali litandikanika, ndiye ndinkakhala m'kachipinda pafupi ndi msika n'kumagulitsa nyemba, nandolo, mtedza ndi usipa.

Chaka chotsatana ndi chija tinavota koyamba zipani zambiri, ababa anadwala chibayo mvula itangoyamba kugwa. Anagonekedwa m'chipatala chachikulu kwa milungu ingapo, ndipo gadiyani ndinali ine. Ndinkagona pansi pa bedi lawo, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira. Alamu ankabwera nthawi yoona odwala, atavala bwino, atanyamula buledi ndi botolo la chakumwa chotsekemera, ndipo nthawi zonse ankabwera ndi mnzawo mmodzi wa kutchalitchi woti akachitire umboni.

Tsiku lotuluka, nesi wina wosaseka ndi munthu anatiimika tonse atatu pakhomo la wodi. "Chibayo chatha," anatero, "koma bedi lawadya miyendo bambowa. Mukakafika kunyumba asakangogona. Aziyenda, azinyamula tinthu, azidya nyemba, mazira, nsomba ndi mtedza. Munthu wamkulu akangokhala, mnofu umasungunuka msanga, ndipo kuti ubwerere ndi ntchito." Achimwene ankayang'ana wotchi. Alamu ankagwedeza mutu n'kumati, "Zikomo asisitala, tamva, tikachita zomwezo."

Sabata yomweyo achimwene ndi alamu anasamuka ku Zingwangwa n'kudzalowa m'nyumba ya ababa, ati kudzawasamala. Ine ndinalibe pakamwa. Kwathu ku chigwa nyumba ya bambo ndi ya mwana wamwamuna, mwana wamkazi amawerengedwa ngati wa kwa eni ake, ngakhale eni akewo atamubweza. Ndiye mpando uja unafika, n'kuikidwa pakhonde, ababa n'kukhazikidwapo.

Ulemu umene anapatsidwa pa mpandopo sindinauonepo kwina. Akati atole kapu, alamu alumpha: "Ayi ababa, siyani, muli ndi ana." Akati adzuke apite kuchimbudzi, achimwene awagwira phewa: "Mungagwe ababa, chitini chili pompa." Madzi osamba ankawapeza pampando. Khasu lawo linabisidwa. Mawu amene ankamveka pakhomopo tsiku lililonse anali akuti ababa anavutika zaka zambiri, tsopano apume. Chakudya chawo chinali phala la ufa woyera lamadzimadzi, tiyi wa shuga wambiri, buledi woviika ndi chakumwa cha m'botolo chija, zakudya zimene m'tauni muno timati ndi za wodwala wokondedwa.

Nditawakumbutsa alamu mawu a nesi uja, anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Nyemba kwa wodwala, alamu? Mukufuna atupidwe? Usipa ndi minga yokhayokha, ndipo mano alibe. Mazira amatseka m'mimba. Komanso munthu wamkulu chonchi tizimutuma ngati mwana? Anthu atiti chiyani?" Anthuwo ankanena zabwino zokhazokha. Amayi a kumphakati, gulu lathu la mapemphero la m'dera, ankadutsa n'kuona ababa atafunda bulangete loyera pa mpando wofiira, n'kumati mpongozi wotere sapezekapezeka. Mwina poyamba unalidi ulemu. Sindikudziwa, ndipo kunena zoona sindisamala.

Chimene ndikudziwa n'chakuti pofika Khirisimasi ababa sankatha kudzuka popanda munthu wowagwira m'khwapa. Tsiku lina ndinakweza bulangete lija kuti ndiwadule zikhadabo, ndipo ndinapeza miyendo yoonda ngati mipini ya khasu, khungu likulendewera pamene panali katumba. Mkono umene ndinkalendewerapo uja ndinauzungulira ndi zala zanga. Ndinatuluka kuseri n'kukalira pafupi ndi kadimba kawo, kamene kanali katamera kale udzu.

Nkhani yeniyeni ndinaimva pamsika. Panali dalaivala wina wa pikapu ya matola amene ankatibweretsera nsomba zouma kuchokera ku chigwa, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Akutafuna mtedza wanga wosagula anati, "Ndamva tili ndi ulendo wa kwanu, asisi. Achimwene anu andiuza kuti ndiwasungire Loweruka lina mvula ikangotha, msewu wa ku Nsanje ukauma. Akuti madala apite akadali ndi mpweya."

Aliyense wokhala m'tauni muno amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Munthu wamoyo amakwera galimoto ngati wina aliyense, koma maliro amafuna galimoto yakeyake, ndipo ulendo wa ku Nsanje ndi wautali. Ndiye wodwala akafooka, abale amamutumiza kumudzi msanga, n'kumauza anthu kuti wapita kukapuma mpweya wa kwawo. Kumudzi kwa ababa kunalibe wowalandira kupatula msuweni wina wokalamba kuposa iwo. Kunali kutentha, udzudzu ndi manda a amayi. Ababa akanakafa mwezi usanathe, ndipo achimwene akanatsala ndi nyumba, opanda wodwala ndi opanda vuto la galimoto ya maliro. Mayi wina amene ankafuna nandolo anandifunsa katatu mtengo ine osamumva.

Mwayi wanga unali umodzi. Masiku amenewo kaunjika anali atangodzaza paliponse, ndipo alamu anali atatsegula benchi ya zovala ku Limbe. Ankachoka m'mawa, mwana wawo wakhanda ali kumsana, n'kubwera dzuwa litapendeka. Achimwene nawo ankaweruka madzulo. Usana wonse ababa ankatsala okha mkati mwa mpanda wa udzu, fulasiki ya tiyi kudzanja lamanja, chitini kumanzere, geti litamangidwa ndi waya.

Mawa lake masana ndinasiyira mnzanga benchi yanga, n'kukwera mtunda ndi bakuli m'chitenje. Ndinamasula waya uja n'kuwauza ababa zonse zimene dalaivala ananena. Ndinkayembekezera kuti akwiya. Iwo anangoyang'ana phiri la Bangwe n'kunena motsitsa kuti, "Ndikudziwa, mwana wanga. Khoma la m'nyumbamu ndinamanga ndine, ndi lopyapyala. Mwina ndi bwino choncho. Ine ndatha."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa a dalaivala. Ndinatenga fulasiki ija n'kukaiika pazenera, kumapeto kwa khonde. "Tiyi wanu uyo. Mukamufuna, kamutengeni."

"Iwe, wapenga? Bweretsa kuno."

"Sindibweretsa."

"Ndine bambo ako ine!"

"Bambo anga ankanyamula matumba ku Limbe," ndinatero. "Inu mukudikira kuti akunyamuleni. Amayi akanakhalapo sakanakuzindikirani."

Sindinayankhulepo choncho kwa ababa chibadwire. Iwo anandiyang'ana maso atafiira. Kenaka anakuwa m'Chisena chawo chimene ankachisungira mkwiyo, "Nkhabe!" kukana kuti zimenezo ayi. Anagwira mikono ya mpando, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, ndipo ananyamuka pang'ono, mwina kuti andimenye mbama. Anaima theka, miyendo ikugwedezeka, n'kugweranso m'makushoni akupuma mwabefu. Ndinagwada pamaso pawo n'kutsegula bakuli. Munali chipere, nyemba zochotsa makoko zophikidwa mpaka kusungunuka, ndi mazira owiritsa. Anadya osandiyang'ana, ndipo anamaliza zonse mpaka kupukuta ndi chala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakwera mtunda uja masana aliwonse kupatula Lamulungu. Za mano zinali zoona, ababa anali ndi ochepa, koma mtondo ulipo chifukwa cha zimenezo. Usipa ndinkaukazinga n'kuusinja mpaka kukhala ufa, n'kuuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Nandolo ndinkamuphika mpaka kufewa. Ngumbi zikatuluka ndinkagula zambiri, ndipo mlamba wouma wa kwathu ndinkaunyika n'kuuchotsa minga ndi zala. Ndikapeza mkaka ndinkabweretsa. Ndinkadya katundu wanga wa pabenchi ndekha kudzera m'mimba mwa ababa, ndipo makasitomala ena anandithawa chifukwa masana sankandipeza. Sindinadandaule. Dzira lililonse limene ndinkasenda, ndinkaona nkhope ya alamu.

Chakudya chokha sichikanakwanira, ndipo apa ndi pamene tinkakangana kwambiri. Poyamba ntchito inali kungodzuka pampando n'kukhalanso, atagwira mzati wa khonde, mpaka miyendo itakana. Akatopa ankanditukwana, ine n'kuwaonetsa bakuli lotseka. Kenaka anayamba kudzuka osagwira mzati. Kenaka kuyenda mpaka pazenera, atatsamira khoma. Tsiku limene anafika okha kuchimbudzi cha kuseri n'kutseka chitseko, anakhalitsamo kwambiri moti ndinaopa. Potuluka anali akuseka. "Munthu ayenera kukhala ndi chitseko chake," anatero.

Ndinabweretsa chigubu cha mafuta ophikira chopanda kanthu. Ndinkathiramo madzi pang'ono kuti azichikweza ndi dzanja limodzi, kenaka linalo, ndipo madziwo ndinkawonjezera milungu ikamapita. Ankakwera ndi kutsika sitepe ya khonde. Ankafinya zovala zanga zonyowa. Ululu wa m'ntchafu unkawasowetsa mtendere, ndipo masiku ena ankangoti lero ayi, ine n'kuwasiya kuti apume koma chakudya adye. Tsiku lotsatira ankayamba okha ndisanafike.

Chimene chinawathandiza kwambiri anachipereka ndi achimwene eni ake. Iwo anali ataunjika njerwa kuseri, pafupi ndi kadimba, zoti adzamangire zipinda za lendi ababa akadzachoka. Ababa ataziona anaziyang'ana nthawi yaitali. "Akufuna amange pa dimba langa?" Ndinati inde. Anawerama n'kutola imodzi. Kuyambira pamenepo masana aliwonse ankasamutsa njerwa za mwana wawo kuchokera kumpanda kupita kukhoma, imodziimodzi, kenaka ziwiriziwiri, ndipo dzuwa likayamba kupendeka tinkazibwezera pamalo pake, mbali ya ndere ikuyang'ana kunja monga mmene zinalili.

Pakuti lamulo lathu linali limenelo: madzulo ababa azikhala wodwala. Ndikanafuna ndikanawaonetsa achimwene kuti ababa ayamba kuyenda, koma ndinkadziwa zimene zikanachitika. Geti likanaikidwa loko, ine ndikanaletsedwa kufika, ndipo ulemu uja ukanabwerera ndi mphamvu. Komanso, ndisabise, sindinkafuna kuti angodziwa. Ndinkafuna adziwe pamaso pa anthu omwe aja ankawaombera m'manja. Ndiye nthawi yoweruka ikayandikira ndinkawapukuta ababa thukuta, kuwaveka jekete lakale la achimwene, kuwafunditsa bulangete, kutaya makoko a mazira m'chimbudzi n'kumanganso waya pageti. Ababa anali katswiri pa sewero limeneli kuposa mmene ndinkaganizira. Ankabuula powanyamula, ankagwetsa dala supuni, ndipo phala loyera lija ankalimeza ngati mankhwala. Mawa lake ankandisimbira zonse akutengera mawu a alamu, tonse n'kuseka mpaka misozi.

Tsiku lina zinthu zinatsala pang'ono kuipa. Kunali kutagwa mvula, ndipo ababa anaterereka m'matope njerwa zili m'manja. Anagwa chammbali n'kudzitema pachipumi. Nditaona magazi ndinaganiza kuti mkwiyo wanga wapha bambo anga. Iwo anagona pomwepo kanthawi, kenaka anagwira pachipumi, n'kuyang'ana chala. "Magazi akadalimo," anatero, ndipo anadzuka okha atagwira mpanda. Kuyambira pamenepo kukaterera sitinkatuluka, tinkangochitira zonse pakhonde. Madzulo ake anauza alamu kuti anagwa pampando potola chitini. Mawa lake Bangwe yense anamva kuti madala aja tsopano akulephera ngakhale kukhala.

Kenaka thupi linayamba kubwerera, ndipo ndinkaopa kuti jekete ndi bulangete sizibisanso kanthu. Lamulungu lina amayi a kumphakati anabwera kudzapemphera, ndipo alamu, amene ankakonda kugwira ntchito pakakhala oonerera, anabweretsa beseni kuti asambitse ababa mapazi. Ine ndinali pomwepo. Anakweza bulangete, n'kugwira mwendo, n'kuima. Anadina katumba ndi chala. Anayang'ana masaya a ababa. Kenaka alamu anatembenukira amayi aja n'kunong'ona mokweza kuti onse amve: "Ayamba kutupa."

Amayi aja anayang'anana n'kugwira pakamwa. Kwathu kuno wodwala wa nthawi yaitali akayamba kutupa miyendo, anthu amayamba kufunsana za matabwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti munthu wa pa mpando angathe kunenepa. Ababa anatseka maso n'kubuula, ndipo ine ndinathawira kuseri, chitenje chili kukamwa. Amayi ena ananditsatira kudzandipepesa chifukwa mapewa anga ankagwedezeka.

Kutupako kunafulumizitsa zinthu. Mkati mwa sabata alamu anatsikira kumsika ndi nkhope yachisoni kudzandiuza kuti banja lagwirizana zoti ababa akapume mpweya wa kumudzi, ndipo galimoto ibwera Loweruka. Ndinafunsa kuti banja lake liti, popeza ine sindinafunsidwe. Anati, "Alamu, nkhani zimenezi ndi za amuna, ife timangomvera." Anagula nyemba za ndiwo zamadzulo. Ndinawayezera bwinobwino n'kuwaikira banyira wambiri, chifukwa mtima wanga unali ukuvina.

Loweruka lija kunacha bwino, kamphepo kozizira kakuchokera kuphiri. Anthu anabwera ambiri kudzatsanzika: amayi a kumphakati, abambo oyandikana nawo, ndi madala awiri amene ankanyamula nawo matumba ku Limbe. Pikapu inaima kumunsi, pamsewu, chifukwa cha maenje aja. Katundu wa ababa anali sutikesi imodzi ndi khasu lija, limene tsopano linapezeka. Pafupi ndi sitepe panali wilibala, atayalamo kamatiresi. Munthu amene anamanga nyumbayo ankati atulukemo pa wilibala. Ndinaima pafupi ndi geti manja ali kumbuyo, chifukwa ndinkaopa zimene manjawo angachite.

Anaimba nyimbo, anapemphera, alamu analira pang'ono. Kenaka achimwene anawerama kuti alowetse manja m'khwapa mwa ababa. "Ababa, tikunyamuleni."

"Chotsa manja."

Sanakuwe. Achimwene anabwerera m'mbuyo ngati agwira mbaula. Ababa anachotsa bulangete pamiyendo, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pansi. Anaika mapazi molunjika, ndipo anadzuka osagwira kanthu. Anavula jekete la achimwene n'kuwapatsa m'manja. Mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda.

Woyamba kupeza mawu anali alamu, ndipo pa zimenezo ndimawagonjera. Anakweza manja kumwamba n'kufuula, "Chozizwitsa! Mulungu wayankha mapemphero athu!"

"Si mapemphero anu, alamu," ndinatero kuchokera pageti. "Ndi nyemba. Zija munkati awatupitsa nazo zija."

Ababa sanatiyang'ane. Anatembenuka, n'kugwira mpando wofiira uja m'mikono yake, n'kuukweza mpaka paphewa monga ankachitira ndi matumba, n'kutsika sitepe. Anthu anapatuka. Anadutsa wilibala, anatuluka pageti, n'kuyamba kutsetsereka ndi njira ya maenje ija, gulu lonse likuwatsatira. Ine ndinali kumbuyo kwawo kwenikweni, ndipo ndekha ndi amene ndinkaona mmene bondo lamanzere linkanjenjemerera pa dzenje lililonse. Ndinkapemphera ndi mano olumana kuti asagwe, osati lero. Pakati panjira anaima n'kupuma. Mmodzi wa madala a ku Limbe aja anatambasula dzanja kuti athandize, mnzake n'kumumenya pamkono. Ababa anasintha phewa n'kupitiriza.

Atafika pamsewu anatsitsira mpando m'pikapu n'kuukankhira kutsogolo. Dalaivala uja anali atatsegula pakamwa, ndudu ikumupsera m'zala. "Ulendo ulipo," ababa anamuuza akupuma movutikira, "koma si wa ku Nsanje. Ndi wa ku Zingwangwa. Dikira, katundu akubwera."

Achimwene anafika akuthamanga, jekete likadali m'manja. "Ababa, simunatimvetse. Ife timafuna kuti mukapume."

"Ndapuma mokwanira pa mpando wako," anatero ababa. "Tenga, ukapumepo iwe."

Anthu ndi anthu. Omwe aja ankati mpongozi wotere sapezekapezeka ndi omwe anayamba kutulutsa mapoto ake. Wilibala ija inagwira ntchito mpaka masana, kutsitsa mabelo a kaunjika, kabati, matiresi ndi mbale. Ababa anaima pageti atagwira khasu lawo, akuloza chimene chinali chawo ndi chimene sichinali chawo. Alamu analira zenizeni tsopano, akufunsa amayi a kumphakati kuti analakwa chiyani, kodi ulemu ndi mlandu? Ine ndinanyamula fulasiki ndi chitini chija, n'kutsika nazo mpaka pamsewu, n'kuwaikira alamu pamiyendo atakhala kale m'galimoto. Ndinawauza kuti ayende bwino.

Anthu atabalalika, ababa anakhala pansi pasimenti ya khonde, atatambasula miyendo, ndipo analira. Ankalirira mwana wawo wamwamuna. Ndinawasiya alire, pakuti anali ndi ufulu wotero. Ine sindinalire. Ndinakoleza mbaula n'kuika mazira pamoto, ndipo atamaliza kudya anandiuza mawu amodzi a kwathu, "Takhuta," kuthokoza kumene sanandiuzepo chiyambire. Madzulo ake ndinakatenga katundu wanga kukachipinda kaja n'kudzalowa m'nyumba.

Ababa anakhala zaka zina zingapo. Njerwa za achimwene anamangira khola la nkhuku kuti mazira tisamagule. Ankalima dimba lawo, ankadzitungira madzi, ankayenda wapansi kupita kutchalitchi, ndipo aliyense wowauza kuti siyani tikunyamulireni ankamuyang'ana moti sankabwerezanso. Achimwene ankabwera mwa apo ndi apo, okha, n'kukhala pasitepe ngati mlendo. Alamu sanapondenso pakhomopo, ndipo tikakumana ku Limbe timapatsana moni wa pakamwa pokha mpaka lero.

Tsiku lina, ababa ali bwinobwino, anaitana abambo a kumphakati ndi abale athu a ku chigwa okhala m'tauni, achimwene ali pomwepo. "Ku Nsanje ndidzapita," anatero, "pafupi ndi mkazi wanga. Koma ndidzapita nditagona. Ndipo galimoto adzapeze ndi mwana wamwamuna, poti nkhani zimenezi ndi za amuna." Onse anavomera kuti mwambo ukutero.

Anamwalira atangodwala masiku ochepa, m'chipinda chawo, m'nyumba yawo. Achimwene anazungulira tauni yonse kufuna galimoto ya maliro, ndipo anaipeza, chifukwa abale onse ankawayang'ana. Inaima pamalo omwe aja, kumunsi pamsewu. Linali tsiku la mkati mwa sabata, amuna anali ochepa, ndiye panjira ya maenje ija achimwene anayenera kugwira nawo bokosi, kona ya kutsogolo kumene kulemera konse kumatsikira. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi, ndikulira bambo anga ndi mtima wonse. Koma ndinkaonanso. Ndinaona phewa la achimwene likupindika, thukuta likudontha pakolala, mawondo akugwedezeka pa dzenje lililonse. Bambo wina wogwira nawo anadandaula chapansipansi kuti, "Koma madalawa akulemera, ngati sanadwale."

Ndinapukuta misozi ndi chitenje kuti ndione bwino. Kulemera kumeneko ndinakuyeza ndekha pabenchi yanga, mbale ndi mbale, ndipo achimwene anakunyamula mpaka pamsewu.